Tisamale polemba za njira zogulitsidwa zodzithandizira

Akonzi,

Ndiloleni ndinenepo maganizo anga pa momwe mabuku ofotokoza zinthu, monga insaikulopediya ya pa intaneti ya Wikipedia, ayenera kulembera za njira zosinthira moyo zimene anthu amachita kulipira kuti aziphunzire. Chandiyankhulitsa ndi mwana wa mlongo wanga, amene mwezi wathawu anabwera kwathu atanyamula satifiketi ya maphunziro a masiku awiri a njira yodzithandizira yotchedwa NLP (chidule cha Neuro-Linguistic Programming), nandiyang'anitsitsa kumaso tikudya nsima, n'kunena kuti tsopano atha kuzindikira wabodza pongoona kumene maso ake akulowera.

Njira imeneyi anaiyambitsa Richard Bandler ndi John Grinder ku Santa Cruz, ku California, m'zaka za m'ma 1970, ndipo buku lawo loyamba linatuluka mu 1975. Iwo anati anaonerera kalankhulidwe ka akatswiri othandiza anthu osautsika maganizo, monga Fritz Perls, Virginia Satir ndi Milton Erickson, kenaka n'kukonza njira yoti aliyense aziitsanzira. Izi zilembedwe monga momwe eni ake amazifotokozera, popanda kuwaseka kapena kuwapotozera mawu, chifukwa wowerenga ali ndi ufulu womva kaye chimene chikugulitsidwacho.

Koma wolemba asathere pamenepo. Mu 1988 bungwe la akatswiri a sayansi la National Research Council la ku America, limene asilikali a dzikolo analipempha kuti liunike njira zosiyanasiyana zonolera luso la munthu, linapeza kuti umboni woti NLP imachitadi zimene imalonjeza ndi wochepa kwambiri. Mu 2012 Richard Wiseman, katswiri wa za maganizo a anthu wa ku Britain, ndi anzake anayesa nkhani ya maso ija, ndipo sanapeze mgwirizano uliwonse pakati pa kumene munthu akuyang'ana ndi kunama kwake.

Apa ndi pamene ambiri amasokonekera, poganiza kuti kusakondera ndiko kugawa tsamba pakati, theka kwa ogulitsa, theka kwa ofufuza, ngati mmene mfumu imaperekera mpata kwa anthu awiri olimbirana malire a munda. Kwa ine kumeneko n'kukondera ndithu, popeza umboni wa munthu amene amadyera pa malondawo, kapena wa wophunzira mmodzi amene akuti moyo wake unasintha, sungalemere chimodzimodzi ndi kafukufuku amene ena angathe kumubwereza. M'Chichewa tili ndi kamawu kakang'ono kothandiza kwambiri, kakuti "akuti". Kulemba kuti njirayi imathetsa mantha n'kuitanira malonda, monga amachitira ogulitsa mankhwala m'basi. Kulemba kuti eni ake akuti imathetsa mantha, kenaka n'kusonyeza zimene ofufuza anapeza, ndiko kufotokoza. Mbali inayi, mawu onyoza monga "mbava" kapena "atambwali" asalowemo, chifukwa ambiri ophunzitsa njirazi amazikhulupiriradi, ndipo amene analipira kale akaona chipongwe amasiya kuwerenga asanafike pa umboni.

Za ndalama nazonso zisabisidwe. Palibe bungwe limodzi loyang'anira masatifiketi a NLP padziko lonse, ndipo Bandler anasumira Grinder m'zaka za m'ma 1990 pa nkhani ya umwini wa njirayi, mlandu umene anauthetsa mwa mgwirizano mu 2000.

Nkhawa yanga ili pa Wikipedia ya m'Chichewa, imene ili ndi nkhani zochepa komanso olemba owerengeka, moti amene angayambe kulembapo za njira zoterezi akhoza kukhala wogulitsa yemweyo, popanda womuwongolera. Ndikupempha aphunzitsi, atolankhani ndi ophunzira a m'sukulu zaukachenjede kuti azilembako nkhani zotere, ndipo aliyense amene amapindula ndi njira ina yake aziulula zimenezo asanakhudze tsamba lake.

Ine wanu,
Wowerenga wa ku Zomba