Lipoti la msonkhano wa ochita zisudzo: ntchito ya a Sasson Gabai m'mafilimu

Wapampando, akomiti, ndi inu nonse a m'gulu lathu la zisudzo,

Munandituma kumsonkhano wa ochita zisudzo ndi opanga mafilimu kuti ndikamve za kasewedwe ka mbali zothandizira, zija ambiri mwa ife timazikana tikamagawana sewero. Za ulendo ndi ndalama ndatula kale kwa a msungichuma pamodzi ndi malisiti, choncho muno ndilemba za phunziro lokha.

Okonza msonkhano sanatipatse malamulo a papepala. Anasankha munthu mmodzi, a Sasson Gabai a ku Israel, n'kumationetsa zidutswa za mafilimu awo motsata zaka, kenaka n'kutisiya kuti titsutsane. Dzina limeneli ambiri sitinkalidziwa. Koma atangoonetsa chidutswa cha Rambo III, anthu m'holo anayamba kulozerana, chifukwa nkhopeyo tinaiona kalekale m'nyumba zoonetsera mavidiyo.

A Gabai anabadwira ku Baghdad, m'dziko la Iraq, mu 1947. Banja lawo linasamukira ku Israel iwo ali mwana wamng'ono, pa nthawi imene Ayuda oposa 100,000 anachoka ku Iraq m'zaka za 1950 ndi 1951. Anaphunzira za zisudzo pa yunivesite ya Tel Aviv, ndipo maziko a luso lawo anawamanga pasiteji asanadziwike pakamera. Chiyambi chimenechi n'chofunika kuchikumbukira, chifukwa nkhope yawo ndi khutu lawo la Chiarabu ndi zimene zinawatsegulira khomo, ndipo ndi zomwezonso zimene zikanatha kuwatsekera m'khola limodzi moyo wonse.

Opanga Rambo III, imene inatuluka mu 1988, anajambula mbali yaikulu ya filimuyo m'chipululu cha ku Israel, ngakhale nkhani yake imachitikira ku Afghanistan. Ankafuna anthu ooneka ngati a kumeneko, ndipo a Gabai anapatsidwa mbali ya Mousa, wolondolera njira amene amayenda ndi Sylvester Stallone. Mu 1991 anakhala Hamid, mwini sitolo wa ku Tehran amene amathandiza mayi wa ku America, woseweredwa ndi Sally Field, mu Not Without My Daughter. Nayonso inajambulidwa ku Israel. Mbali ngati zimenezi wosewera amazipeza chifukwa cha maonekedwe, ndipo olemba ake salabadira kuti munthuyo ali ndi mtima wotani. Ntchito yake n'kuloza njira, kupereka foni, kenaka n'kuchoka kuti ngwazi ioneke.

Apa m'pamene panabuka mkangano woyamba. Mayi wina amene amalemba masewero a pawailesi ananena kuti filimu yachiwiriyi inadzudzulidwa kwambiri chifukwa choonetsa anthu a ku Iran ngati ankhanza, ndiye wosewera amene walola kulowamo sangasambe m'manja. Ena anati munthu wa mbali yaing'ono alibe mphamvu pa nkhani, amangofuna chakudya cha ana. Ine ndinaima pakati, koma mopendekera kwa mayiwo. Munthu ukhoza kukana mbali. Chimene ndinaona m'chidutswacho n'chakuti Hamid wa a Gabai ndi munthu wamba, wamantha pang'ono, wachifundo, ndipo amakhala ngati umboni wotsutsa filimu imene alimoyo. Zimenezo sizifafaniza mlandu wa filimu, koma zikusonyeza pamene mphamvu ya wosewera imafika.

Nthawi yambiri tinaithera pa The Band's Visit ya mu 2007, imene anaitsogolera ndi Eran Kolirin, ndipo inenso ndikhalitsapo. Bandi ya apolisi asanu ndi atatu ochokera ku Alexandria, Egypt, yaitanidwa kuti ikaimbe pa mwambo wotsegulira nyumba ya chikhalidwe cha Aarabu ku Petah Tikva, m'dziko la Israel. Palibe amene wabwera kudzawachingamira pabwalo la ndege. Pofunsa basi dzina la tauni lamveka molakwika, ndipo atsikira m'katauni kopanda dzina lotchuka m'chipululu cha Negev, basi yomaliza itapita. A Gabai ndi Tawfiq, mkulu wa bandiyo. Ronit Elkabetz ndi Dina, mayi wa kalesitilanti amene akuwapezera pogona.

Otiphunzitsa anatseka mawu n'kutiuza kuti tingoyang'ana thupi. Tawfiq wavala yunifolomu yobiriwira ngati thambo, mabatani onse omanga, chipewa chili mwa malamulo, msana uli chilili ngakhale pamene palibe womuona. Dina akamuseleula, iye sayankha ndi nkhope yonse. Maso amatsika pang'ono, dzanja limakonza kolala imene ili kale bwino. Usiku awiriwa akhala pabenchi, ndipo Dina akumufunsa kuti munthu umamva bwanji ukamatsogolera bandi. Tawfiq m'malo mofotokoza akukweza manja pang'onopang'ono, ngati oimba ali patsogolo pake, ndipo aka n'koyamba kuti mapewa aja amasuke. Atatibwezera mawu tinamva kuti pambuyo pake akuulula za mwana wake wamwamuna amene anadzipha iye atamuumira mtima, ndi za mkazi wake amene anamwalira ndi chisoni. Akunena zimenezi mawu osakwera, misozi osagwa. Mnyamata amene ndinakhala naye pafupi, katswiri wa nthabwala, anangoti, "Ife tikanagubuduka pansi apa." Sananame. Ife imfa ya mwana timaisewera ndi kukuwa mpaka a kumbuyo amve, ndipo pasiteji yopanda maikolofoni pali chifukwa chake. Koma kamera ili pafupi, imaona ngakhale kumeza malovu.

Mfundo imene otiphunzitsa ankaibwereza ndi yakuti luso limeneli a Gabai sanalitole tsiku limene anapatsidwa mbali yaikulu. Munthu amene wazolowera kupatsidwa mphindi zitatu amaphunzira kusataya kanthu: kaimidwe, kakhalidwe pampando, kagwiridwe ka kapu, zonse zimayenera kunena kuti iye ndi ndani asanatsegule pakamwa. Atapatsidwa filimu yonse anangopitiriza mwambo womwewo. Mbali imeneyi inawapatsa mphoto ya Ophir, imene ndi mphoto yaikulu ya mafilimu ku Israel, komanso mphoto ya wosewera wamwamuna wopambana pa European Film Awards mu Disembala 2007, ali ndi zaka 60. Amene mumati mukafika zaka 35 osakhala mpangankhani wamkulu ndiye kuti zanu zada, muwerenge chiwerengerocho kawiri.

Pali kanthu kena ka filimuyi kamene opanga mafilimu athu ayenera kukadziwa. Inkayembekezeka kukaimira Israel ku mphoto za Oscar m'gawo la mafilimu a zinenero zakunja, koma inakanidwa chifukwa zoyankhula zoposa theka zili m'Chingerezi. Aiguputo ndi Aisraeli a m'nkhaniyo amamvana m'Chingerezi chothyokathyoka, ndipo kuthyokako ndi mbali ya kukoma kwake, koma owerengera malamulo anangowerenga mawu. M'malo mwake kunapita filimu ina yotchedwa Beaufort.

Mkangano wachiwiri unali wotentha kuposa woyamba. Mu 2011 a Gabai anasewera Jafaar, msodzi wosauka wa ku Gaza amene akuvuula nkhumba mu ukonde wake, mu filimu ya nthabwala ya Sylvain Estibal yotchedwa Le Cochon de Gaza. Nkhumba ndi yodetsedwa kwa Asilamu ndi kwa Ayuda omwe, ndiye mutha kuona pamene nthabwala zikuchokera. Funso linali lakuti, kodi n'koyenera kuti Myuda wa ku Israel asewere Mpalestina, pamene osewera Achipalestina alipo? Ena anati munthu wobadwira ku Baghdad si mlendo ku Chiarabu. Ena anati kubadwira ku Baghdad sikufanana ndi kukhala ku Gaza, ndipo mbali zikakhala zochepa, amene ali ndi mwayi kale asamalande za ena. Sitinagwirizane, ndipo otsogolera zokambirana sanatikakamize. Maganizo anga ndi akuti funso limeneli liyenera kupita kwa wosankha osewera, koma wosewera amene wavomera ali ndi ngongole yophunzira kalankhulidwe ka anthuwo bwinobwino, osangokometsa mawu kuti anthu aseke.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri si mphoto za 2007, koma zimene anachita pambuyo pake: anabwereranso ku mbali zothandizira osaona ngati watsitsidwa. Mu Gett ya mu 2014, imene Ronit Elkabetz anaitsogolera pamodzi ndi mlongo wake Shlomi, pafupifupi zonse zimachitikira m'kachipinda ka khoti lachipembedzo. Ku Israel ukwati wa Ayuda umathetsedwa ndi makhoti a arabi, atsogoleri a chipembedzo cha Chiyuda, ndipo sungathe mwamuna asanavomere kupereka kalata yachisudzulo. Mayi wa m'nkhaniyo akuvutika zaka zisanu. A Gabai ndi Shimon, mchimwene wa mwamunayo, amene akumuimira pamlandu. Ndi munthu waulemu, wa mawu okoma, wodzichepetsa pamaso pa oweruza, ndipo ndi ulemu womwewo akupotoza mafunso kuti mayiyo aoneke wopanda khalidwe. Sachita nkhope ya munthu woipa ngakhale kamodzi. Amakhulupirira kuti akupulumutsa banja, n'chifukwa chake amaopsa. Analandira mphoto ya Ophir ya wosewera wothandizira. Mbali ngati imeneyi ili ngati mphanda ya nkhokwe: palibe amene amaiyamikira, koma ikathyoka chimanga chonse chili pansi.

Zotsalazo tinangodutsamo. Mu Shtisel, sewero la pa TV la banja la Ayuda osunga kwambiri chipembedzo ku Jerusalem, ndi Nuchem, m'bale wa bambo wa banjalo, munthu wochenjera pa ndalama wochokera ku Antwerp. Mu 2018 The Band's Visit, itasandutsidwa sewero la nyimbo ku Broadway, mumzinda wa New York, inapata mphoto 10 za Tony, mphoto zazikulu za zisudzo ku America, ndipo chaka chomwecho a Gabai analowa m'malo mwa Tony Shalhoub kukaseweranso Tawfiq, ali ndi zaka 70, ulendo uno akuimba pamaso pa anthu. Mu 2022 anapatanso Ophir chifukwa cha Karaoke, mmene ali bambo wachikulire amene akutengeka ndi mnansi wolemera wa m'nyumba yapamwamba.

Tsopano zopempha zanga kwa akomiti. Sewero limene tikukonzali lili ndi mlonda, namwino ndi mkulu wa mpingo, ndipo mbali zitatuzi tazisiyira amene afika mochedwa pa maphunziro. Ndikupempha kuti tizigawenso, ndipo imodzi itengedwe ndi mmodzi mwa akuluakulu amene nthawi zonse amasewera pakati. Aliyense wa mbali yaing'ono alembe tsamba limodzi la mbiri ya munthu wake, zimene sizili m'sewero: amadya kuti, ali ndi ngongole kwa ndani, akuopa chiyani. Ndikupemphanso kuti tiyambe kujambula maphunziro athu ndi foni ili pafupi ndi nkhope, n'kumaonera titatseka mawu, monga anatichitira kuja. Ambiri tidzadabwa kuona kuchuluka kwa zimene manja athu amachita popanda chifukwa.

A Wapampando akalola, Loweruka likudzali mundipatse theka la ola tisanayambe maphunziro kuti tiyese njira yotseka mawuyi pa gawo la mlonda ndi namwino. Amene ali ndi foni ya kamera yabwino abwere nayo itadzaza moto.