Kwa eni galaja amene munagwira Corolla yanga: mapaipi a vacuum simunasinthe

Bwana mwini galaja, ndalemba pano pa tsamba lanu la Facebook chifukwa foni simukuyankha, ndipo ndikafika ku galajako anyamata anu amangoti mwatulukapo. Ntchito imene munagwira pa Toyota Corolla yanga ya injini ya 5A-FE si imene tinagwirizana. Lisiti imene munandipatsa ikunena kuti mapaipi onse a vacuum, aja odutsa mpweya wokokedwa ndi injini, asinthidwa, ndipo ndalama yake munalandira yonse. Pansi pa boneti pali zina.

Galimotoyi ndi ya m'zaka za m'ma 1990, ndipo ukalamba wake sindikuubisa. Labala akakhala zaka zoposa 25 pafupi ndi kutentha kwa injini amauma, amayamba ming'alu, makamaka kumapeto kumene paipi yavekedwa pa kachitsulo. N'chifukwa chake ndinabwera nayo kwa inu. Idling, kulira kwa injini galimoto itaima, inkakwera n'kutsika yokha, injini inkazima pa maloboti, ndipo ukatsegula boneti unkamva kaphokoso ka mpweya woba. Inu nomwe, bwana, munamvetsera n'kunena kuti mapaipiwa atha, tisinthe onse kamodzi. Ndinavomera osanenerera mtengo.

Tsono imvani zimene makaniko wina wandionetsa ndi maso anga. Kapaipi kopita ku MAP sensor, kachipangizo koyeza kukoka kwa mpweya mu injini, ndi kakale komwe kaja. Kakunyezimira chifukwa anyamata anu anakatsuka ndi petulo, koma katupa, kafewa, kakuvuka ukangokakoka ndi zala ziwiri. Mng'alu wake uli pomwepo, ukakapinda umayasamula. Paipi ina anaichotsadi, koma m'malo mwake anaikapo kapulasitiki koonekera mkati, ka mtundu wa uja wa madzi a mawaipa. Injini ikatentha kamafewa n'kuphwatalala, njira ya mpweya n'kutsekeka. Pena pa manifold, njira imene mpweya umalowera mu injini, anangotsekapo ndi sikuluwu yolowetsa m'kachidutswa ka labala, paipi yake sindikudziwa inapita kuti. Zimenezi mungazitche kusintha mapaipi?

Petulo ndi palafini amaononga labala wosapangidwira mafuta, ndipo makaniko aliyense wophunzira ntchito amadziwa zimenezi. Paipi imene ikadali yabwino imangofuna kansalu ndi madzi a sopo. Imene yauma kapena yang'aluka siitsukidwa, imatayidwa.

Za MAP sensor ndifotokoze bwino kuti ena owerenga pano amve chimene chandidyera ndalama. Kompyuta ya injini imeneyi imadalira kachipangizo kameneka kuti idziwe mphamvu ya kukoka kwa mpweya mu manifold, ndipo ndi pamenepo imayezera petulo wothira. Kapaipi kake kakamaba mpweya, kompyuta imaona ngati dalaivala waponda moto pomwe phazi lili phee, ndiye imathira petulo wambiri. Galimoto yanga yakhala ikutulutsa utsi wakuda, mapulagi ada bii ndi mwaye, ndipo thanki ikutha msanga kuposa mmene inkathera ndisanabwere kwa inu. Petulo wake ndi yemweyu timamuimira pa mzere ku filling station kuno.

Koma zonsezo ndi ndalama chabe. Chimene chandiwawa mtima kwenikweni ndi paipi yaikulu yochokera ku manifold kupita ku booster ya mabuleki. Anyamata anu anaipeza yong'aluka, ndipo umboni wake ndi wakuti anaikulunga ndi tepi yakuda ya magetsi n'kumanga kawaya pamwamba. Anadziwa, koma anabisa. Booster imagwira ntchito ndi kukoka kwa mpweya kochokera ku injini, ndi kumene kumachititsa kuti phazi likangogunda pang'ono galimoto iime. Mpweya ukamalowera pa mng'alu, thandizo limenelo limachepa kapena kutheratu, pedulo n'kuuma.

Zinandichitikira ndikutsika mapiri a msewu wa Blantyre kupita ku Chikwawa, mayi a kunyumba ali pambali, ana ali kumbuyo. Aliyense amene anayendapo msewu umenewu akudziwa makhota ake ndi maphompho ali m'mbali. Tepi ija itatentha inamatuka. Ndinaponda buleki n'kupeza pedulo yauma ngati mwala. Ndinachita kukankha ndi mphamvu zanga zonse, kutsitsa magiya mpaka giya wani, kuthandizira ndi handibuleki pang'onopang'ono, mpaka tinapeza poima. Ana sanadziwe chimene chikuchitika, koma mayi awo anaona nkhope yanga ndipo mpaka lero sakufuna kukweranso galimotoyi. Bwana, inunso muli ndi banja. Mukanalola kuti ana anu atsike phiri limenelo ndi paipi yomata ndi tepi?

Ntchito imeneyi si yovuta, ndipo mapaipi ake si odula poyerekeza ndi zipangizo zina za injini. Timapaipi tating'onoto n'ta mamilimita 3 kapena 4 mkati, timagulitsidwa pa mita m'mashopu a sipeya. Umachotsa imodzi, kudula yatsopano pa muyeso womwewo, kuiveka, kenako n'kupita pa ina, kuti usasokoneze njira zake. Ya booster imafuna paipi yolimba yosaphwatalala, makilampu enieni, komanso kuyesa kavavu kake kolola mpweya kudutsa mbali imodzi yokha. Ya PCV, kavavu kotulutsa mpweya wotsekeredwa m'kati mwa injini, imadutsa nthunzi ya oyilo, choncho imafuna labala wopirira mafuta. Pomaliza pali kuyesa kumene ngakhale mwini galimoto angachite: injini ili yozima, upope buleki kangapo mpaka pedulo iume, uigwire choponda n'kuliza injini. Pedulo ikatsika pang'ono, booster ikukoka bwino. Zimatenga mphindi imodzi. Palibe anachita zimenezi galimoto isanatuluke pa geti panu.

Ndikudziwa kuti ambiri amene amabwera ku galaja kwanu ali ndi galimoto zakale ngati yanga, ma Corolla, ma Sunny, ma Hilux, zina zonyamula anthu tsiku ndi tsiku. Kwa inu nonse ndikuti musachoke musanatsegule boneti, ndipo muziitanitsa zipangizo zakale zimene akuti achotsa. Ine zanga nditazifunsa anandiuza kuti zatayidwa kale.

Chimene ndikufuna n'chachidule. Mubweze ndalama yonse ya mapaipi ndi ya ntchito, mulipirenso mapulagi amene aonongeka. Galimoto sindibweretsanso, ikukonzedwa kwina. Ndikufunanso kuti inu eni ake mundiimbire, osati kutuma mnyamata, mundiuze amene analamula kuti paipi ya mabuleki imatidwe ndi tepi. Lisiti ndili nayo, zithunzi ndajambula, paipi yomatayo ndasunga pamodzi ndi kawaya kake. Likafika Lachisanu la sabata ino musanandiyankhe, nditengera zonsezi ku Competition and Fair Trading Commission, bungwe la boma loteteza ogula. Nambala yanga ili m'buku lanu la makasitomala.