Kalata kwa Mwana Wanga pa Za Apilo ya Amuna Ako

Mwana wanga,

Mai ako andiuza kuti ukudikira kugulitsa mtedza kuti upeze ndalama za loya, ndiye uyambe za apilo. Leka kudikira. Lamulo la kayendetsedwe ka milandu kuno ku Zambia, Criminal Procedure Code, pa gawo 322, limapatsa munthu amene waweruzidwa ndi majisitireti masiku 14 okha. Kuwerenga kumayambira pa chigamulo cha chilango, osati tsiku limene iwe unamva. Loweruka ndi Lamlungu amalowa momwemo.

Apilo imayamba ndi fomu ya chidziwitso, ndipo siifuna loya kuti ilowe. Amuna ako apemphe fomuyo kwa akuluakulu a ndende ya Namuseche kuno ku Chipata, alembe kuti akudandaula za kukula kwa chilango, asaine, aibwezere komweko. Iwe pakapita masiku awiri kapena atatu pita kwa kalaliki wa khoti limene linaweruza, nambala ya mlandu ili m'manja, ukaone ngati pepalalo lafika ndi kudindidwa deti. Mawu akuti "tatumiza" si chidindo. Ukachoka apo dutsira ku ofesi ya Legal Aid Board m'tauni muno. Anthu osowa ndalama ndiwo amathandizidwa kumeneko.

Ngati masikuwo atha kale, khomo silinatsekeke, koma tsopano mukuchita kupempha. Gawo 324 limalola kulemba pempho loti apilo imvedwe mochedwa, ndipo pempholo limamatidwa ku chidziwitso cha apilo, ziwirizi n'kupita pamodzi ku High Court. Apa m'pamene ambiri amagwa. Amalemba kuti "tinalibe ndalama" basi. Woweruza amafuna kuona kumene nthawi inapita: anadwala kuyambira liti mpaka liti, kadi la chipatala lili kuti, anamusamutsira ku ndende ina tsiku liti, fomu anaipempha liti. Kuchedwa kwa sabata imodzi kumafotokozeka, koma miyezi isanu ndi itatu ya zii imavuta, ndipo woweruza ali ndi mphamvu yokana. Amayang'ananso ngati apiloyo ili ndi mutu, choncho zifukwa zikhale zogwirika: kuti n'koyamba kulakwa, kuti anavomera mlandu osataya nthawi ya khoti, kuti katundu anabwezedwa, kapena kuti masiku amene anakhala pa rimandi sanaganiziridwe. Kulira kwa ana pakokha sikukwana.

Sunandiuze bwino kuti chilango anapereka ndani. Nthawi zina majisitireti amapeza munthu wolakwa koma n'kumutumiza ku High Court kuti akalandire chilango. Zikatero apilo ikupita ku Court of Appeal, imene inayamba mu 2016, ndipo kumeneko ndi masiku 30.

China ukawauze amuna ako osawabisira. Khoti la apilo likhoza kuchepetsa, likhozanso kuwonjezera likaona kuti chilango chinachepa. Ndipo pali milandu ya malire ake: wakuba ng'ombe koyamba sapatsidwa zaka zochepera zisanu. Ngati mlandu ndi umenewo ndipo anapatsidwa zisanu zomwezo, kupempha kuti achotseko n'kungotopetsa miyendo. Funso kwa loya likhale loti kodi umboni womupezera wolakwa unali wokwanira.

Pepala lililonse ulijambulitse kawiri, lina usiye kwa mai ako. Ana uwabweretse kuno Lolemba m'mawa, kuti upite ku khoti wopanda wokukoka chitenje.

Ndine bambo ako.