Kwa mwana wanga ali ku Xi'an, ku China

Mwana wanga wokondedwa,

Kuno tonse tili bwino, kungoti dzuwa likuswa mtengo ndipo mvula sinaonetse nkhope. Uthenga wako wa Lamlungu tinaumvera limodzi ndi mayi ako. Iwo atangomva mawu ako akunjenjemera anayamba kufunsa mtengo wa ndege. Ine ndati ndichite kulemba, chifukwa pa foni aliyense amafuna kulankhula nthawi imodzi.

Madandaulo ako ndawamva onse. Wati mayi a banja limene ukukhala nalo amalowa m'chipinda mwako osagogoda, amakuunjikira chakudya m'mbale ngakhale wanena kuti wakhuta, amakulanda madzi ozizira n'kukupatsa otentha, ndipo mwana wawo sakulankhulitsa. Watinso ukaweruka umangodzitsekera m'chipinda ndi foni mpaka atakuitana kudzadya. Pa zonsezi, chandisowetsa tulo ndi chomalizachi. Zinazo si nkhanza ayi.

Ine ku China ndinapitako pa maphunziro a ntchito, koma tinkagona ku hotela, tinkayenda pa basi imodzi, womasulira ali patsogolo. Ndinabwerako ndi zithunzi basi. Iwe wapatsidwa chimene ine sindinachione: khomo la banja, khitchini yake, mikangano yake, gogo wake. Ukakhala m'nyumbamo ngati munthu wa lendi, udzabwera kuno ndi satifiketi koma dzikolo usakulidziwa.

Tiyambe ndi mbaleyo. Makolo ambiri kumeneko sanena ndi pakamwa kuti amamukonda mwana. Amamusendera chipatso, amamuikira nthuli m'mbale, amamukalipira kuti wavala zopepuka. Mayiwo akamakuchitira zimenezi ndiye kuti akuwerengera m'gulu la ana awo. Dziwanso kuti mbale ikaoneka yopanda kanthu, mwini nyumba amaganiza kuti mlendo sanakhute, ndiye amawonjezera. Uzidya pang'onopang'ono, uziyamikira chakudyacho, ndipo ukakhuta unene mwaulemu kawiri kapena katatu, chifukwa kukana koyamba amakutenga ngati manyazi chabe. Usayambe kudya agogo a m'nyumbamo asanatenge timitengo tawo todyera. Timitengoto usatizike chilili mumpunga, chifukwa kwa iwo zimaoneka ngati zofukiza zimene amayatsira akufa. Wati mpunga ndi wosowa, tsiku ndi tsiku ndi zakudya za tirigu. Ndi mmene alili anthu a kumpoto kwa dzikolo, ndipo chigawo cha Shaanxi chimene uliko chimatchuka ndi zimenezo. Zolowera.

Za madzi otentha musakanganenso. Kumeneko madzi a pampopi samwa osawiritsa, ndipo akuluakulu ambiri amakhulupirira kuti chozizira chimavulaza m'mimba, makamaka kwa mwana wamkazi ali kumwezi. Kaya n'zoona kaya si zoona, madzi owiritsa sanaphepo munthu. Gula botolo losunga kutentha ngati anzako a m'kalasi.

Tsopano za mtsikana mnzakoyo, amene ukuti ndi wonyada. Wandiuza wekha kuti ali m'kalasi yomaliza ya sekondale. Mwana ameneyo akuyembekezera gaokao, mayeso olowera ku yunivesite amene amayamba pa 7 Juni chaka chilichonse. Mu 2024 analembetsa mayesowa anapitirira 13 miliyoni. Ana a kalasi imeneyi amalawirira m'mamawa kukawerenga maphunziro asanayambe, ndipo ambiri amabwerera kunyumba cha m'ma 9 kapena 10 koloko usiku atatha kuwerenga kwa madzulo, n'kuyambanso homuweki. Kumbukira mmene unkakwiyira iwe uli Fomu 4 mlongo wako akatsegula wailesi. Komatu iwe unali ndi abale ogawana nawo maso a makolo. Mnzakoyo anabadwa nthawi ya lamulo la mwana mmodzi, limene linagwira ntchito kuyambira cha mu 1980 mpaka 2015, choncho makolo awiri ndi agogo a mbali zonse akuyang'ana iye yekha. Akadutsa osakupatsa moni, n'kutheka kuti sanakuone n'komwe.

Ndiye uchite izi. Usamaimbe foni usiku mokweza mawu. Kumeneko muli patsogolo ndi maola 6, moti ife tikamaweruka 5 koloko madzulo, kwa inu ndi 11 koloko usiku, ndipo makoma a nyumba zosanja samabisa mawu. Tizilankhulana Lamlungu tikatuluka m'tchalitchi, inu musanadye chamadzulo. Ndauzanso azakhali ako onse kuti aike WeChat m'mafoni mwawo asiye kudandaula kuti sukuyankha pa WhatsApp, poti kumeneko n'ngotsekedwa. Chinanso, chilankhulo chakunja chili pa mayeso a mnzakoyo, ndipo ambiri amalemba Chingerezi. Mufunse ngati angafune kuti uzimuonera zimene walemba. Usamukakamize. Akavomera, makolo ake sadzaiwala.

Ntchito za pakhomo mwina akukuletsa, akuti mwana wa sukulu ntchito yake ndi kuwerenga. Usamve zimenezo msanga. Sitinakulere kuti uzidya n'kusiya mbale patebulo. Nyamuka, tsuka, pukuta, tenga zinyalala upite nazo pansi. Loweruka dzuka m'mamawa uperekeze agogowo kumsika, uwanyamulire chikwama. Agogowo, kapena Nainai monga wati umawaitanira, ndi mphunzitsi woposa buku lililonse, ngakhale kalankhulidwe kawo ka ku Shaanxi kazisiyana ndi Chitchaina cha m'kalasi. Okalamba ali ndi nthawi, satopa kubwereza mawu, ndipo akakuseka amakuseka poyera, sakusungira kumtima. Kumsikako uyang'ane ufa wa chimanga, ulipo ngakhale uli wachikasu. Bonongwe amagulitsa ikakhala nyengo yake, mtedza ndiye wosasowa. Tsiku lina upemphe khitchini uwaphikire nsima ndi ndiwo zotendera, uwaonetse kudya ndi manja. Kaya aikonda kaya saikonda, aona kuti nawenso uli ndi kwanu kumene anakuphunzitsa kanthu.

Za chitseko ndikumvetsa kuti zimawawa, ndiwe wamkulu tsopano. M'mabanja ambiri kumeneko chipinda cha mwana ndi cha mayi akenso, ndipo chitseko chotseka masana amachiona ngati chizindikiro choti mwana wadwala kapena wakwiya. Ukamawerenga uzichisiya chotsegula pang'ono. Kenako, tsiku limene mwaseka limodzi, uwapemphe kuti ukatseka azigogoda chifukwa umakhala ukuvala kapena kupemphera. Izi ndikunena za mayi ndi agogo okha. Munthu wamwamuna aliyense akalowa m'chipinda mwako mosayenera, kapena wina akafuna kukusungira pasipoti mokakamiza, pamenepo palibe za chikhalidwe. Uuze aphunzitsi oyang'anira ophunzira akunja tsiku lomwelo, utiuze ife, ndipo nambala ya ofesi ya kazembe wa Malawi ku Beijing ikhale m'foni mwako ndi papepala.

Malamulo awo sasewera nawo. Usanyamulire munthu katundu amene sunamuone m'kati, ngakhale wokutumayo akhale Mmalawi mnzako. Chamba ndi mankhwala ozunguza bongo ndi mlandu waukulu kwambiri kumeneko. Maganyu ophunzitsa ana Chingerezi mobisa uwakane, chilolezo chako ndi cha sukulu. Ukapita kukagona kunyumba ya munthu mumzinda wina, lamulo limafuna kuti ukalembetse kupolisi pasanathe maola 24.

Anthu okuyang'anitsitsa m'basi, ojambula osapempha, ofuna kugwira tsitsi lako, awo ukumana nawo ndithu. Ambiri ndi chidwi chabe, ena ndi mwano weniweni. Suli wokakamizidwa kumwetulira aliyense. Kana mwaulemu, pitiriza ulendo, ndipo zikakupweteka ukawafotokozere a m'nyumbamo m'malo mokalirira kuchipinda. Adziwe zimene mwana wawo wakuda amakumana nazo panjira.

Chisanu chikubwera, ndipo usachiyerekeze ndi cha ku Dedza mu Juni. Madzi amaundana panja. Ku Xi'an zotenthetsa nyumba amaziyatsa pakati pa Novembala mpaka pakati pa Malichi, choncho masabata amene chisanu chayamba koma sanayatse ndi amene amavuta. Mayiwo akakugulira buluku lovala m'kati, vala, usaone ngati n'zachikale.

Chaka chatsopano chawo chimagwa kumapeto kwa Januwale kapena mu Febuluwale. Akati tiyeni kumudzi, pita, usatsale ndi anzako a ku Africa m'tauni. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Ukathandize kukulunga jiaozi, zakudya za ufa wa tirigu zoika nyama kapena masamba m'kati, ngakhale zako zikhale zopindika. Akulu akakupatsa envulopu yofiira ya ndalama, landira ndi manja awiri monga timachitira kuno, uthokoze, ndipo usaitsegule iwo akuona. Mayi ako amafuna tiwagulire wotchi ya pakhoma ngati mphatso, ndawaletsa chifukwa kumeneko wotchi yotero imakumbutsa za maliro. Titumiza zitenje ziwiri ndi khofi wa ku Mzuzu. Tiyi wa ku Thyolo ndamusiya dala, kuopa kukaphunzitsa eni tiyi kumwa tiyi.

Ndalama ya mwezi uno ndatumiza dzulo, undiuze ikafika. Agogo ako akuti usasiye kupemphera, ndipo mlongo wako akufunsa ngati angatenge njinga yako. Upereke moni wathu kwa bambo ndi mayi a m'nyumbamo ndi kwa agogo, uwauze kuti tikuthokoza potisungira mwana.

Ndine bambo ako.