Kalata Yotseguka kwa Mfumu ya Mzinda wa Lilongwe: Amayi Akusowa Potaya Mapadi

Wolemekezeka a Mfumu ya Mzinda,

Ndikulemba kalatayi kuchokera ku Mtandire, kumene mabanja asanu a pamalo pathu timagwiritsa ntchito chimbudzi chimodzi chokumba, ndipo nkhani imene ndabwera nayo ndi imene amayi timangonong'onezana: tikakhala kumwezi, tilibe potaya mapadi ngakhale poyanika nyanda.

Mu 2022 boma linachotsa msonkho wolowetsera mapadi m'dziko muno, ndipo tinayamika. Koma padi ikatha ntchito, mayi amatsala nayo yekha m'manja. Sangaiponye kudzala, chifukwa agalu ndi ana amafukula, ndiponso ambiri tinakula tikuuzidwa kuti munthu woipa mtima akapeza magazi ako atha kukuchita chipongwe mpaka osadzabereka. Kaya wina akhulupirira zimenezi kaya ayi, manthawo alipo ndithu, ndipo ndiwo amachititsa mayi kukulunga padi m'jumbo, kudikira mdima, n'kukaiponya m'chimbudzi. Pulasitiki sawola, choncho dzenje limadzaza msanga, ndipo opopa zimbudzi akabwera, paipi yawo imatsekeka, ndiye amakweza mtengo kapena kubwerera osagwira ntchito. Chathu chitadzaza m'nyengo ya mvula, eni nyumba analoza chala amayi ndi atsikana pamaso pa anthu onse. Mwana wanga wamkazi sanatuluke m'nyumba tsiku limenelo.

Amene sakwanitsa kugula mapadi amang'amba chitenje chakale. Nyanda imafunika sopo, madzi ndi dzuwa, koma madzi timagula pandowa kukiyosiki, ndipo chingwe choyanikapo zovala ndi cha anthu onse, motero nsaluyo imayanikidwa kuseri kwa bedi n'kuvalidwanso isanaumitsitse, chimene chimabweretsa kuyabwa ndi zilonda.

Kumsika kumene ndimagulitsa masamba timalipira polowa m'chimbudzi, koma mkatimo mulibe bini, ndipo mayi amabwerera ndi kajumbo kake m'chikwama mpaka madzulo. Zina mwa zimenezi zimathera m'ngalande, mvula n'kuzikokolorera mu mtsinje wa Lingadzi ndi wa Lilongwe. Tonse tikukumbukira kuti mu Januwale 2023 sukulu za mumzinda uno zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha kolera. Chimbudzi chosefukira si vuto la amayi okha.

Ndikupempha kuti khonsolo isalole chimbudzi cholipiritsa chilichonse, kumsika kapena kudepoti, kugwira ntchito popanda bini yotsekeka kumbali ya amayi, madzi ndi chitseko chokhoma, ndiponso kuti mabiniwo azikhuthulidwa ndi otola zinyalala a khonsolo. Makhansala athu a ku Mtandire, Mgona, Chinsapo ndi Kauma akhale pansi ndi amayi paokha, popanda abambo, chifukwa pagulu sitingalankhule momasuka za malo amene bini iyenera kuikidwa kuti mayi asaope kuigwiritsa ntchito.

Ine wanu,
Mayi wogulitsa masamba, wokhala ku Mtandire