Mwana akafuna upayiloti, yambirani kwa dokotala

Akonzi,

Tiloleni tilankhule ndi makolo amene ana awo, akangokhoza MSCE, amati akufuna kuyendetsa ndege. Ntchito yake ndi yabwino ndithu, koma mabanja amataya ndalama zankhaninkhani chifukwa choyambira polakwika.

Musanafunse za sukulu, pitani naye kwa dokotala wovomerezeka wa zandege. Woyendetsa ndege zonyamula anthu amafunika chiphaso cha zaumoyo cha Class 1, ndipo amamuyeza maso, makutu, mtima, shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Kuvala magalasi pakokha si vuto. Koma mwana wodwala khunyu, kapena wosasiyanitsa chofiira ndi chobiriwira, akhoza kukanidwa ngakhale akhale wanzeru chotani. Zimenezi muzidziwe musanagulitse puloti yanu ku Area 49.

Malayisensi amabwera motsatizana. Yoyamba, ya PPL, yongoyendetsera ndege pa zofuna zake, imafuna maola osachepera 40 ali m'mwamba, koma sangalipidwe nayo. Yolembedwera ntchito ndi CPL, yofuna munthu wa zaka zosachepera 18 ndi maola pafupifupi 200, kuphatikizapo chilolezo chouluka m'mitambo akudalira zipangizo zokha, ndi cha ndege ya injini ziwiri. Ukaputeni wa ndege yayikulu umafuna ATPL: zaka 21 ndi maola 1,500.

Pa ndalama m'pamene pagona nkhani. Ambiri amakaphunzira ku South Africa, Kenya kapena Ethiopia, ndipo ola lililonse limalipiridwa pa ndalama yakunja. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, fizi ya onse olipira m'madola inakwera tsiku lomwelo. Ndalama ikachedwa ku banki, mwana amangokhala pansi milungu ingapo, dzanja limaiwala, ndipo akabwerera amabwereza maphunziro amene analipira kale. Ndiye maola 40 aja amasanduka 60. Komanso musapereke fizi yonse nthawi imodzi. Sukulu ikatsekedwa, ndalama ija simudzaionanso. Lipirani gawo ndi gawo, ndipo funsani kuti ndege zawo zimene zikuuluka lero ndi zingati, alangizi alipo angati.

Chimene chimatiwawa kwambiri ndi cha mwana wobwerako ndi CPL yake. Kuno kwathu malo ndi ochepa, poti Malawi Airlines ili ndi ndege zowerengeka, ndipo ndege ya mtundu wa Boeing 737 kapena Q400 imafuna maphunziro akeake, enanso odula. Anzake amaonjezera maola pophunzitsa ena kapena kuyendetsa tindege ta alendo okaona nyama. Akangokhala pakhomo, chiphaso cha dokotala chimatha pakapita chaka, zilolezo zina nazo zimatha, ndipo kuzidzutsanso ndi ndalama zina.

Tikupempha boma, lomwe lili ndi 51 peresenti mu Malawi Airlines, likambirane ndi Ethiopian Airlines, eni gawo lotsalalo amenenso ali ndi sukulu yawo ku Addis Ababa, kuti chaka chilichonse pakhale malo olengezedwa poyera a ana a kuno, osankhidwa ndi mayeso, odzabweza ngongoleyo akayamba ntchito.

Ife okhudzidwa,
Lumbadzi, Lilongwe