Okaonera Indra Jatra ku Kathmandu akonzekere bwino

Akonzi,

Ndiloleni ndichenjeze amene akufuna kukaonera chikondwerero cha Indra Jatra ku Kathmandu, m'dziko la Nepal. Ahindu ndi Abuda amachitira limodzi mwambowu kwa masiku 8, kawirikawiri mu Seputembala. Masiku ake amawerengedwa potsata mwezi wakumwamba, ndiye amasintha chaka ndi chaka. Musagule tikiti ya ndege musanatsimikize.

Zambiri zimachitikira pa Durbar Square, bwalo la nyumba yakale yachifumu. Tsiku loyamba amadzutsa mtengo wautali ndi zingwe. Imani patali, chifukwa zaka zina umagwa. Koma chimene anthu amadzera kwenikweni ndi Kumari, kamtsikana kosankhidwa m'mabanja achibuda a Shakya, komwe Ahindu amakalemekeza ngati mulungu Taleju. Kwa masiku atatu amakakoka pa ngolo yamatabwa, pamodzi ndi ngolo za milungu ina iwiri, Ganesh ndi Bhairav. Misewu ndi yopapatiza, ndipo okoka zingwe sayima chifukwa cha mlendo. Fikani kudakali masana, mupeze malo pa masitepe a kachisi, ndipo pasipoti ndi ndalama musaziike m'thumba lakumbuyo.

Kujambula Kumari m'nyumba yake n'koletsedwa. Mowa wampunga wotuluka pakamwa pa Swet Bhairav, chosema chachikulu cha nkhope ya mulungu Bhairav, ndi dalitso kwa okhulupirira, koma kukankhana kwake sikwamasewera, ana asayandikire. Tengani ambulera, mvula imakhala isanathe.

Visa ya masiku 15 pa bwalo la ndege la Tribhuvan ndi madola 30, koma abale a pasipoti ya Zimbabwe saipezera pamenepo. Ayenera kuitenga ku kazembe wa Nepal asananyamuke.

Wowerenga wanu,
Blantyre